Pakamwa Pokha, Mawu Ayi

Lolemba

Andilanda maikolofoni. Kaya ndinene kuti akufuna kundilanda, poti nkhani ikadali m'manja mwa komiti.

Chibwerereni kuno ku Finglas, m'dziko la azungu, ine ndi mkazi wanga Nachisale, kudzathandiza mwana wathu Mphatso kulera ana, woyendetsa mwambo pa phwando la chaka la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ndine. Palibe anandisankha, inde, koma palibenso anandiletsa. Lero Mayi Chirwa, wapampando, akuimba foni. Moni wautali. Kufunsa ana, kufunsa bondo langa, kufunsanso bondo lomwelo. Munthu akakufunsa za bondo kawiri, dziwa kuti dzanja lina walibisa kumbuyo. Kenaka: "Agogo, Loweruka lino ena akuti tiyeseko a Tembo. Komiti ikumana Lachisanu."

A Tembo! A takisi aja a ku Santry, kwawo ku Chipata.

Chifukwa chake? Akuti ndi munthu wa ngodya zinayi. Mphatso akundimasulira: ku America kuli mphoto zinayi zikuluzikulu, ya filimu, ya pa TV, ya nyimbo, ya pa siteji, ndipo amene anatola zonse zinayi ndi owerengeka, dziko lonse limawavulira chipewa. Ndiye a Tembo amadziika m'khola limenelo. Mphoto alibe, ngakhale supuni, koma akuti ngodya zonse anapondamo.

Ndafufuza mmene anapondera:
- filimu: anadutsa kumbuyo atanyamula katoni
- TV: anakankha bedi m'sewero la kuchipatala, nkhope ataphimba
- nyimbo: besi ya kwaya, yolira ngati firiji
- siteji: Pilato, pa Pasaka. M'manja anasamba bwino, pamenepo sindikana.

Ine amene ndinaphunzira kukamba kwa malume anga, pamaliro ndi pamaukwati, khutu lokha, popanda pepala. Ine amene ndinali kondakitala wa Limbe mpaka Muloza, basi n'kufa pa Thyolo, anthu osanyinyirika mpaka makaniko kufika, ena n'kumupempha kuti asafulumire poti nkhani sinathe.

Ngodya zinayi? Pofika Lachisanu ndikhala nditaponda zonse. Ndikuuza Nachisale. Akusita malaya, akungoti, "Mhm."

Lachiwiri

Filimu. Mnzake wa Mphatso wa kuntchito ali ndi mchimwene amene amasaka anthu odzaza malo kumbuyo kwa ochita sewero. Akufuna nkhalamba lero lomwe, ku Clondalkin. Nachisale akundiperekeza, poti mabasi a kuno amandisokoneza. Basi yopanda woitanira ndi basi yanji?

Ndi m'kafe. Magetsi, zingwe, anthu ambiri onyamula makapu a pepala, ntchito yawo osaoneka. Andikhazika patebulo ndi mayi wina wachikulire wa kuno komwe. Mtsikana wa wailesi m'manja akuti: "Muzicheza ngati anzanu akale. Koma pakamwa pokha, mawu ayi."

Ndikumufunsa abwereze. Akubwereza. Kucheza popanda mawu! Ndiko kumuuza munthu kuti tafuna koma usameze.

Ndikuyesa. Milomo ikuyenda, ikuyenda, kenaka nkhani ya mbuzi imene inakwera basi pa Luchenza yopanda mwini ikutuluka yokha. Monong'ona chabe. Mayi uja Chichewa sakumva, koma manja anga akumva, waseka mpaka tiyi kutayika. Mnyamata wojambula mawu, wovala zam'makutu, wakweza dzanja. Tiyambirenso.

Tiyambirenso. Tiyambirenso. Ndiye akuti manja aziyenda chimodzimodzi ngati poyamba paja. Chimodzimodzi? Ine sindinakambepo nkhani kawiri mofanana chibadwire. Mbuzi ya ulendo wachiwiri imakhala ili ndi bere.

Andisunthira tebulo la kumbuyo. Kenaka pafupi ndi chitseko. Kenaka panja, pawindo, ndizidutsa ndi ambulera. Kenaka akuti ambulera ikutchinga chikwangwani, ndiisiye. Mvula ya kuno ija yosagwa yosaleka, yongolowa m'khosi ngati miseche. Ndikudutsa, ndikubwerera, ndikudutsa. Ndapatsa moni bambo wina woyenda ndi galu, ndipo wa zam'makutu uja wamvanso! Khutu la mfiti.

Pampando wanga aikapo ndani? Nachisale. Anangomuona ali phee pakona ndi chikwama chake. Akugwedeza mutu, akuyendetsa milomo, mawu zii. Mtsikana wa wailesi akumufunsa kuti anaphunzira kuti. Iye: "Kunyumba."

Ine andipatsa sangweji, akuti zikomo kwambiri, tidzakuimbirani.

Nsapato zanyowa, mpaka pano zili pa hita.

Lachitatu

Pakhosi pakukanda. Si kanthu.

TV yabwera yokha. Tikupita kumashopu, tikupeza a kamera pasiteji ya basi, akufunsa anthu za kusintha kwa mabasi. Mabasi! Mulungu akafuna kukupatsa sakuuza tsiku. Anthu a kuno akuthawa kamera ngati ili ndi chifuwa. Ine ndikupita ndekha.

Chingerezi changa n'chakhutu, koma chimafika. Ndikuwayambira pachiyambi: mmene basi imadzazidwira, nkhuku pansi pa mpando, njinga pamwamba, chifukwa chimene basi yaulemu sinyamuka munthu akuthamangira. Wa kamera watsitsa kamera kupumitsa phewa, ndamudikira, wanyamulanso, ndapitiriza. Pomaliza akufunsa Nachisale ngati ali ndi choonjezera. Iye: "Basi imachedwa."

Ndaimbira anthu onse kuti aonere nkhani za madzulo. Mayi Chirwa. Bambo mfumu a ku parishi. A Tembo, kawiri.

Zimene zaoneka:
- basi
- mayi wa njinga ya mwana
- Nachisale, nkhope yonse, duku lowala, "Basi imachedwa"
- mkono wa jekete langa, kumanzere, ukukwera ndi kutsika

A Tembo atumiza uthenga: "Ba mudala, jekete yanu yakamba bwino maningi."

Lachinayi

Mawu akutuluka ngati chitseko cha chimbudzi. Ndamwa jinja.

Kwaya. Ndalowa lero, besi, pafupi ndi a Tembo kuti amve kusiyana. Woimbitsa ndi mphunzitsi wachinyamata, wagawa mapepala. Nyimbo ya pepala! Nyimbo imene ndaimba pamaliro osawerengeka, mpaka pa maliro a malume omwe. Ndime yachitatu yatha, mtima ukadali wotentha, ndiye ndikuponya ndime ina monga timachitira kwathu, kuti anthu alandire. Palibe wolandira. Pepala latha, iwonso atha. Ndatsala ndekha m'mwamba ngati tambala wolira masana.

Woimbitsa: "Agogo, apa pali mpumulo." Ndikumufunsa watopa ndani. Akuti mpumulo ndi wolembedwa. Tayambiranso, ndaponyanso, poti khosi silidziwa kuwerenga. Ulendo wachitatu akuti, "Agogo, lero mungomvetsera kaye." A Tembo akundinong'oneza: "Muzingotsegula pakamwa chabe, ndiye mwamene timachitira."

Kenaka nyimbo yotsiriza, ija ya pambuyo pa Mgonero. Mawu a mayi mmodzi akutsogolera, ena n'kulandira. Mawu amenewa ndimawadziwa. Ali m'galimoto ya Mphatso, pa nyimbo zimene kwaya inajambula chaka chatha. Ndakhala ndikuwatama kwa anthu, kuti kwayayi ili ndi mayi mmodzi yekha wodziwa kuimba, ena onse ndi operekeza. Ndikusuzumira kutsogolo kuti ndimuone mwini wake.

Duku lowala lija.

Pobwerera ndikumufunsa kuti bwanji osandiuza. Akuti, "Nyimbo imeneyi ikamayamba inu mumakhala mwatuluka kale, kukadikira anthu pakhomo ndi nkhani." Ndikuti koma kunyumba? Akuti, "Ndinayambapo kukuuzani."

Ndakhala chete kuchokera pa tchalitchi mpaka pa maloboti. Iye akuti ndikudwala.

Lachisanu

Ngodya yotsiriza. Sewero la Khirisimasi ku holo ya parishi, akuyeserera. Bambo mfumu andipezera malo: mwini nyumba ya alendo. Mawu anga onse ndi awa: "Malo kulibe." Ndafunsa tsamba lachiwiri. Kulibe.

Yosefe wagogoda. Mariya ali pambuyo, pilo pamimba. Tsono ine, munthu wamkulu, mlendo wafika pakhomo ndi mkazi wodwala pakati, ndingoti malo kulibe, chitseko phaa? Osafunsa malonje? Anthu adzati analeredwa kuti ameneyu? Ndiye ndikufunsa: mwachokera kuti, ndinu ana a yani, mvula ikugwa bwanji ku Nazarete, bulu wamwa madzi? Yosefe akuyang'ana woyendetsa sewero. Ndikumufotokozera mmene malo anathera, amene wagona chipinda chilichonse, ndi chifukwa chimene wa chipinda chakumapeto sangasunthidwe, poti ali ndi mwendo. Abusa akhala pansi. Mngelo wapita kukayankha foni. Mariya watulutsa pilo, wakhalira.

Woyendetsa sewero, mayi wa kuno, waulemu wake, akuti: "Mwanayu akuyenera kubadwa lero." Akuti mwina mwini nyumbayo ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo ndi amene angatsegule chitseko. Akuyang'ana uku ndi uku. Nachisale ali pabenchi, wandisungira jekete. Amuimika pakhomo.

"Malo kulibe." Chitseko phaa. Mariya mpaka misozi. Sindinadziwe kuti mkazi wanga ali ndi nkhanza zotere.

Ine ndiziima kumbuyo kwake ndi nyali.

Komiti yakumana. Mwambo ayendetsa a Tembo. Koma "polemekeza imvi", agogo apatsidwa mpata wa nkhani imodzi chakudya chisanafike. Imodzi! Chabwino. Mpata umodzi ndi umene mbuzi inalowera m'basi. Ndikangoigwira maikolofoni ija, aone ngati ibwerere. Chaka chamawa adzachita kundigwadira.

Jinja, ndimu, uchi, adyo. Mpango m'khosi.

Loweruka

Ndadzuka. Ndikuti ndipereke moni. Mphepo yokha.

Ndakhosomola, ndachukucha pakhosi ndi madzi amchere, ndafukiza. Mphepo. Mphatso, poti ndi namwino, wandiunika kukhosi ndi foni, akuti ndi mvula ya Lachiwiri ija, kuonjezera ndime zosalembedwa. Akuti ndikhale kunyumba. Ndavala suti. Mawu ali ngati basi yakale, imalira ikaona anthu.

Holo yadzaza. A Tembo akuwerenga ndondomeko pa foni, dzina ndi dzina, ngati akuitana odwala. Anthu akuyasamula. Mtima wanga ukuvina. Kenaka: "Manje tiitane ba mudala."

Ndaimirira. M'manja aomba. Maikolofoni ili m'dzanja, yofunda, yanga. Ndakweza dzanja lina monga ankachitira malume. Ndatsegula pakamwa.

Milomo ikuyenda. Manja akuyenda. Wa zokuzira mawu akupotokola mabatani, akumenya sipika. A Tembo abwera, aombaomba maikolofoni ndi chala, ikulira bwinobwino. Andiyang'ana, ndipo pa maikolofoni pomwepo: "Ba mudala, manje filimu mwaikhoza."

Kuseka kwake! Ndikanakonda pansi patseguke.

Nachisale wanyamuka, watenga maikolofoni m'dzanja langa monga amatengera mpeni kwa mwana. Akuti angopepesa. "Pepani, abambo mawu anawasiya ku Clondalkin." Wina kumbuyo: "Anawasiya bwanji, amayi?" Ndiye wayamba.

Kafe. Ambulera. Bambo wa galu. Mkono wa jekete, akuchita kuonetsa ndi mkono wake, kukwera ndi kutsika. Tambala wa mu kwaya. Bulu wa ku Nazarete. Anthu akugwa m'mipando, Mayi Chirwa akupukuta maso ndi chitenje, bambo mfumu agwira pamimba. Mpunga wafika, palibe wodzuka.

Ndipo ndikumva ndi khutu langali: asananene chinthu choseketsa akuima kaye, akuyang'ana pansi, ngati waiwala. Kaimidwe ka malume! Iye malume sanawaonepo. Anakatola kwa ine, zaka zonsezi akusita malaya.

Mbuzi ya pa Luchenza waisiya. Mbali yokoma kuposa zonse, waisiya! Wafika pa nyali, wanena "Zikomo", wakhala pansi anthu akadafuna zina. Kukhala pansi anthu akadafuna zina. Zimenezo sanatole kwa ine.

Lamulungu

Mawu kulibe. Mphatso akuti mwina Lachitatu, ndikapanda kuyesayesa.

Ku Misa ndakhala mpaka pamapeto, poti pakhomo ndikanakachitapo chiyani. Nyimbo ija ndaimva yonse. Ndi yaitali ndithu, ndipo ndi yabwino.

Masana Mayi Chirwa aimba. Bondo afunsa kamodzi, mothamanga, ine ndikupumira mu foni. Kenaka: "Agogo aakazi alipo?" Chaka chamawa maikolofoni ndi ya Nachisale. Komiti sinachite kukumana n'komwe.

A Tembo abwera ndi thumba la mandimu. Akhala, ayang'ana pansi. "Ba mudala, tonse atichotsa." Awerenga pa zala: filimu, TV, nyimbo, siteji. Akuti iwo zinawatengera zaka, amayi angodutsamo sabata imodzi atanyamula jekete la mwamuna wawo. Akuti a ku America aja akamva, abisa mphoto zawo. Ndawalembera papepala kuti mphunzitsi wake ndine. Awerenga, apinda pepala, akuti ndimwe mandimu.

A filimu aimbadi, monga analonjeza. Akufuna mayi wa duku uja.

Panopa ali kukhitchini, akukambira Mphatso ndi ana za tsiku limene ndinapita kukamufunsira, nditabwereka njinga yopanda mabuleki. Nkhani yanga imeneyo, ndaikamba kosawerengeka. Mmene akuikambira iye, muli mlongo wake amene ankandiseka kuseri kwa nkhokwe, ndi zimene amayi ake ananena nditachoka. Zimenezo sindinazimvepo.

Wafika pakati, waima, wayang'ana pansi. Kenaka wandiyang'ana ine pakhomo, akudikira womuvomera, poti nkhani siyenda yopanda wovomera ndipo ana a kuno sadziwa.

Ndamuyankha kuti tili tonse. Pakamwa pokha.

Wamva. Akupitiriza.