Tsiku limene ndinatsanzika Sisitala m'Chimalita

Mpaka lero ndikamva munthu akudzitama kuti chinenero chakutichakuti amachidziwa, ndimamumvera chisoni. Ndinalawapo ine.

Ndinali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Thyolo, boma litandiponya ku Iponga, kumpoto kwenikweni, m'masiku a chipani chimodzi. Chinkhonde cha kumeneko chinandikana, Chitumbuka ndinkangotola apa ndi apo, ana a sukulu n'kumandiseka poyera. Wondimvetsa anali Sisitala Karmena, mayi wachikulire wa ku Malta amene ankagwira ntchito pachipatala cha mishoni. Tonse tinali alendo, ndiye Loweruka tinkacheza pakhonde pawo, tikudya nthochi zophika.

Tsiku lina ndinawauza kuti Chichewa n'chosavuta: buku, mabuku, umangosintha kumutu kwa mawu. Anaseka. Kwawo, anatero, mawu ambiri amathyoka pakati zinthu zikachuluka. Buku limodzi ndi ktieb, ambiri ndi kotba. Nyumba ndi dar, zambiri ndi djar. Galu ndi kelb, agalu ndi klieb. Ena amangomera mchira: mayi ndi omm, akachuluka ndi ommijiet. Ndinalemba m'kope n'kuloweza onse.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Lolemba ndinauza aphunzitsi anzanga kuti, "Inu zinyadani ndi Chinkhonde chanucho, ine ndimalankhula Chimalita." (Pakamwa apa pandiika m'mavuto ambiri.)

Patapita miyezi, Sisitala anaitanidwa kwawo. A Mwangonde, ahedi athu, anandigwira paphewa. "Asambizgi," anatero (ndiko kuti aphunzitsi), "pamwambo wotsanzikana mudzalankhula ndinu, m'chinenero chawo chomwecho. Sukulu yathu itchuke."

Apa m'pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinati, "Palibe vuto."

Tsikulo anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango. Kutsogolo kunakhala a tcheyamani a chipani, baji ili pachifuwa. Masiku amenewo wolankhula pagulu ankayamba ndi kutamanda mtsogoleri wa dziko, ndipo kuiwala zimenezo ntchito inkatha tsiku lomwelo.

Ndinaimirira, n'kukonza kukhosi.

"Ktieb, kotba!" ndinafuula, dzanja m'mwamba. Anthu anayang'anana. "Dar, djar," ndinatero motsitsa mawu, ndikugwira pamtima. Amayi ena anayamba nthungululu, ine mantha n'kuchoka. Ndinayendayenda ngati mlaliki. "Omm, ommijiet! Kelb, klieb!" (Chala changa, popanda kundifunsa, chinaloza a tcheyamani.) Mawu atanditheratu ndinayambiranso kumayambiriro, kenaka ndinakhala pansi m'manja mukuwombedwa.

A tcheyamani anaimirira, nathokoza m'Chinkhonde, kenaka anasakaniza ndi Chitumbuka podandaula kuti sanamve kanthu. "Ndaga fijo, asambizgi. Kweni ife sitinapulike kanthu. Amama Sisitala, tiuzeni wayowoya vichi mnyamatayu. Mtsogoleri wathu wamutchula pati?"

Ndinadziona nditanyamula katundu pamutu, ulendo wa ku Thyolo.

Sisitala anapukuta misozi, n'kuimirira pang'onopang'ono. "Wayamba ndi kuthokoza mtsogoleri ndi boma," anatero. "Kenaka wadalitsa nyumba zanu ndi amayi onse."

"Nanga pamene amandiloza ine?"

"Pamenepo amati ndinu mlonda wokhulupirika wa mudzi uno."

A tcheyamani anamwetulira mpaka mano onse kuoneka, nabwera kudzandigwira chanza.

Anthu atabalalika, Sisitala anandikoka khutu ngati mwana wa Sitandade 1. "Mwana wanga, chibwerereni kuno sindinanamepo pagulu. Mawa tonse awiri kokalapa." Anatsitsa mawu, khutu langa likadali m'manja mwawo. "Koma zaka zonsezi palibe amene anandifuulirapo mawu a kwathu. Utanena kuti dar, ndinaona khomo la mayi anga."

Ndinalira, sindibisa. Mayi ameneyu ndinkamukonda, ndipo sindinadzamuonenso.

Kokalapa tinapitadi, ndipo ndinalonjeza kuti bodza ndasiya. Sabata yotsatira a Mwangonde anandiitana mu ofesi. A tcheyamani, anatero, akondwa kwambiri, akufuna ana a Sitandade 8 ayambe kuphunzira Chimalita, poti mphunzitsi alipo kale.

Ndinati, "Palibe vuto."