Ulendo wa ku Rumphi umene unathera pa mulu wa fodya

Mukadzafika ku Hewe n'kumva munthu akufunsa mnzake kuti, "Msewu wa ku Rumphi uli ndi fumbi?" kenako onse n'kufa nacho chiseko, dziwani kuti akuseka ine. Ndaona kuti bola ndifotokoze ndekha, chifukwa ofotokoza ena ayamba kuthirako tsabola.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, n'kukwatira konkuno. Lero ndili ndi sitolo ya feteleza, mbewu, ziguduli, zipangizo za njinga, mchere ndi sopo. Kuseri kwake kuli chipinda cha katundu, momwenso ndimaunjikamo fodya wanga asanamangidwe mabelo.

Pali munthu mmodzi amene ndimamuvulira chipewa: a Pulofesa a ku Nchenachena. Ndi mwana wa mphunzitsi wa kumishoni, anaphunzira mpaka kunja, ndipo moyo wawo wonse anaphunzitsa mbiri ya malonda ndi utsogoleri ku yunivesite. Anzawo ankalemba za makampani akuluakulu. Iwo ankakwera matola kukafunafuna atelala okalamba, eni zigayo, amayi a usipa a kunyanja ndi madalaivala amene anagula lole yawoyawo, n'kumawafunsa mmene anayambira ndi mmene anagwera. Buku lawo limene ndimalikonda limafunsa kuti, n'chifukwa chiyani masitolo athu amalowa m'manda limodzi ndi eni ake? Yankho lawo n'lakuti mwini wake amamwalira makiyi ali m'thumba. Bukulo ndinaliwerenga mpaka chikuto chinathothoka (Chingerezi china ndinkalumpha, ndisaname), ndipo kutchalitchi ndinkalitchula ngati tinalembera limodzi.

Koma makiyi a sitolo yanga ankagona pansi pa pilo wanga.

Mwana wanga Tiwonge anaphunzira zamalonda ku Mzuzu n'kubwerera kudzandithandiza. Kuthandiza kwake kunali kuyeza mchere, ine ndili chilili kumbuyo kwake. Tsiku lina anandiuza mosapsatira: "Adada, mukapanda kundisiyira sitoloyi kuti ndiziyendetsa, mwezi wamawa ndikupita ku Lilongwe. Ntchito andipezera kale." Mwanayu ndi yekhayo amene anatsala pafupi, ndipo amayi ake anandiuza kuti mwanayo akachoka, ndizidziphikira ndekha mpaka Yesu adzabwere.

Sabata yomweyo a Pulofesa anatulukira pakhonde pa sitolo. Anali atapuma pa ntchito ndipo ankayendera amalonda a m'chigwa muno pokonzekera buku lina. Ndinayembekeza munthu wa suti, koma ndinaona mkulu wa imvi, jombo kumapazi, chipewa chakutha kumutu, akuti, "Odi, monire adada." Ndinawalakatulira buku lawo lomwe, iwo akumvetsera moleza mtima. Tiwonge anangodula pakati n'kuwauza nkhani yonse.

"Mwaliwerenga bwino bukuli," anatero a Pulofesa. "Tsono tiyeni tiliyese. Lachisanu mupite ku Rumphi mukapume. Makiyi musiyire mwana. Ine ndidzakhala pakhonde pano n'kumangoonerera."

Ndikanakana bwanji pamaso pa mlembi mwini wake? Ndinavomera mokweza mpaka ogula anawomba m'manja.

Lachisanu m'mawa ndinavala jekete, ndinamwa tiyi wambiri wa paulendo, n'kupereka makiyi pamaso pa anthu. Kiyi wapadera wa chitseko chakuseri anali mu sokosi. Mayi a Tiwonge anandiperekeza pa siteji, ine n'kukwera matola. Titangokhota, ndinamenya denga la galimoto kuti ndaiwala mankhwala. Nditatsika, ndinadutsa m'minda ya chimanga chowerama, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, mpaka kuseri kwa sitolo yanga. Ndinalowa mwakachetechete n'kukhala pa mulu wa fodya, khutu pa khoma. (Cholinga changa chinali chabwino. Ndinkafuna kuti zinthu zikavuta ndidzatulukire ngati mpulumutsi.)

Sipanapite nthawi, ndinamva mapazi kuseri, kenako mawu a Tiwonge: "Chitseko ichi ndakhala ndikuwauza adada kuti loko wake ndi wa masewera." Kenako khetye! Ntchito yoyamba ya utsogoleri wake inali kukhoma loko watsopano kunja. Chitseko cholowera m'sitolo chinali chokiya kale, ndipo kiyi wake ndinali nditamupereka ndekha m'mawa uja anthu akuwomba m'manja.

Ndinadikira kuti zinthu zivute, koma sizinavute. Alimi ankabwera, Tiwonge akuwalonjera m'Chitumbuka chosalala chija chimene ine chimandikanika mpaka lero, iwo akutuluka akuti "yewo chomene." Wina anabweretsa tcheni cha njinga kuti sichikukwana. Ine ndikanakangana naye mpaka dzuwa kupendeka, koma mwana anangomusinthira, ndipo munthuyo anagulanso tayala. Zinandipweteka.

Masana anthu atachepa, ndinamva a Pulofesa akufunsa mmene sitoloyi inayambira. Apa ndi pamene ndinamvetsa luso lawo. Safulumira, sadula mawu, amangoti "Enya, ndiyeno?" munthu n'kukhuthula zonse. Tiwonge anafotokoza mmene ndinkayendera pa njinga ndi thumba la mchere mudzi ndi mudzi, mvula ikundithera pamsana. Anafotokoza za chaka chimene denga linasasuka ndi mphepo, ine n'kugona pa matumba a feteleza nditawafunditsa bulangete langa. Sindinkadziwa kuti mwanayu amazikumbukira zimenezo.

"Nanga chikuwavuta n'chiyani?" anafunsa a Pulofesa.

"Mantha," anatero Tiwonge. "Adada amaganiza kuti akapereka makiyi ndiye kuti atha ntchito, palibenso adzawafune. Ine sindikufuna kuwalanda. Ndikufuna zimene anavutikira zisadzafere m'thumba mwawo."

Abale, ndinalira. Ndipo poti munali mdima, ndinapukuta misozi ndi mamina ndi chinthu choyamba chimene dzanja linagwira. Chinali tsamba la fodya wouma.

Amene anagwirapo fodya akudziwa. Mphuno inayamba kuyaka, maso kutentha, ndipo tiyi wam'mawa uja nayenso anali atayamba kugogoda. Ndinatsina mphuno, ndinaluma jekete, ndinapemphera. Nthawi yomweyo ndinamva a Pulofesa akuti, "Tiwaimbire adada ako, tiwauze kuti mtima ukhale m'malo."

Foni yanga imalira nyimbo ya kwaya, ndipo imalira ngati pa msonkhano wa chitsitsimutso. Inayamba kuyimba m'thumba. Pofuna kuizimitsa ndinaterereka pa mulu uja, thumba la laimu n'kundikhuthukira kumutu, ndipo kuyetsemula kumene ndinakusunga nthawi yonseyo kunatuluka kamodzi. Etsiii! Malata anachita kunjenjemera.

"Chiuta wane!" anakuwa Tiwonge. "Munkhungu! Wakuba ali m'chipinda, ndipo wawabera adada foni!"

Kuno mfuu ya wakuba siichedwa. Ndinamva mapazi kuchokera kuchigayo, kumsika, ngakhale kwa telala. Wina ankati bweretsani mpini, wina ankati mwina adada awapha m'njira. Kenako ndinamva kulira kwa mayi a Tiwonge, akundilira ine wamoyo. Ndinayesa kukuwa kuti ndine, koma mawu alionse ankathera mu etsi.

"Tayimani," anatero a Pulofesa mofatsa. "Mipini pansi. Nditsegula ndine."

Tiwonge anawapatsa kiyi, chitseko chinatseguka. Ndinatuluka mbuu ngati mzukwa, masamba a fodya ali pa mapewa, foni ikuyimbabe aleluya. Mkazi wanga anasiya kulira pakati pa mawu n'kugwira m'chiuno. A Pulofesa anavula chipewa, anandigwira chanza ndi manja awiri, nkhope ili phee, n'kunena kuti:

"Mwayenda uli, adada? Ndikuona msewu wa ku Rumphi uli ndi fumbi chomene."

Anthu anagwa pansi. Ena anachita kugwirana kuti asagwere mu ngalande. Ine ndinathamangira kaye kuchimbudzi, ulemu n'kudzaufunafuna pambuyo.

Nditasamba, a Pulofesa anandiitanira pambali. Sanandinyoze. Anati pa ntchito yawo yonse anakumana ndi amalonda ambiri amene analumbira kuti apereka makiyi, ndipo pafupifupi onse ankasungako kiyi mmodzi penapake. "Ngakhale ine," anatero, "nditapuma pa ntchito ndinkapitabe ku ofesi yanga yakale kukaona ngati wolowa m'malo mwanga akukhala bwino pa mpando. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sananditsekere." Kenako anati, "Sitolo yayenda bwino lero. Ndinu munaphunzitsa mwanayu. Chatsala n'chimodzi."

Ndinawerama, ndinavula nsapato, n'kutulutsa kiyi mu sokosi. Ndinampatsa Tiwonge. Anamulandira ndi nsonga za zala, koma maso ake anali ndi misozi.

Ku Lilongwe sanapite. Sitolo akuyendetsa ndi iyeyo, ndipo ikuyenda bwino kuposa kale, zomwe ndimavomera pokhapokha iye palibe. Ine masiku ano ndimakhala pa benchi tsidya la msewu ndikuwerenga buku la a Pulofesa. (Kuti benchiyo inayang'ana khomo la sitolo, zinangochitika.) A Pulofesa akadutsa amakhala nane, ndipo akuti m'buku latsopano muli mutu wa "wamalonda wina wa ku Hewe." Akuti dzina abisa, ngati kuti kuno alipo amene sakudziwa.

Kiyi wa loko watsopano uja sindinapatsidwe mpaka lero. Ndinapemphako kamodzi, mwaulemu ndithu, kuti mwina pangadzagwe zadzidzidzi. Tiwonge anandiyang'ana, anamwetulira, n'kufunsa kuti, "Bwanji adada, mukufuna mupitenso ku Rumphi?"