Mkazi wa Achimwene Akuchokera ku Likoma

Lolemba
Achimwene a Yohane aimba foni kuchokera ku Shetland, kachilumba ka kumpoto kwenikweni kwa Scotland komwe amatumbula nsomba m'fakitale. Akuti apeza mkazi: Esnart wa ku Likoma, womudziwira pa foni basi. Munthu wa imvi, chibwenzi cha pa khadi ya foni! Ntchito yanga ine mlongo wawo wa ku Middlesbrough ndi kumupezera ndege. "Iwe ndi nesi, za makompyuta umazidziwa." Ndavomera. Amayi pomwalira anati munthuyu asakalambe yekha.

Lachiwiri
Ndili ku laibulale. Ndalemba Likoma, ndalemba Shetland. Kompyuta yaganiza, yaganiza, kenako ikundifunsa ngati ndalakwitsa sipelo. Njira yake nayi:
sitima mpaka Nkhata Bay, ikabwera;
minibasi mpaka Lilongwe, ikadzaza;
ndege ya ku Nairobi, ya ku London, ya ku Aberdeen;
kenako kandege konga bokosi la machesi, mphepo ikalola.
Za viza sindinayambe n'komwe. Achimwene akuti, "Ndi pafupi, bola kungonyamuka."

Lachitatu
Kuntchito ndikuyeza mtundawo ndi bandeji pa mapu a m'chipinda chomwera tiyi. Mpaka London ndafika. Shetland sakuoneka! Nesi mnzanga wakonkuno akuti pa mapu awo amamuika m'kabokosi pakona, chifukwa pepala limathera panjira. Malo okanidwa ndi pepala lomwe, achimwene akuti akamangeko banja.

Lachinayi
Ndalankhula ndi Esnart. Kamawu kaulemu, mwana wa eni. "Alamu, ndikafika ndizitha kupita ku London Loweruka kokagula zinthu?" Kani achimwene anamuuza kuti amakhala "kuseri kwa London"! Kuseri! Ndiye kuti Karonga ali kuseri kwa Limbe.

Lachisanu
Tulo sindinatipeze bwino, ndiye ndamuimbiranso Esnart kumuuza zoona za Shetland. Mitengo kulibe. Nkhosa mbwee. Mu Disembala dzuwa limalowa anthu asanatsuke mbale za masana. Mphepo yochokera kunyanja imakuvula chitenje.
"Kunyanja? Alamu, ndiye kuti ndi chilumba?"
Zii. Khadi yatha.

Loweruka
Uthenga wa Esnart: "Ndakulira pa chilumba, kudikira sitima, kununkha usipa. Sindingakwere ndege zinayi kukanunkha nsomba pa chilumba china, chozizira. Pepani." Mtsikana wanzeru kuposa mtundu wathu wonse. Achimwene akuti ndawaphera banja, ndine mfiti. Kenako aulula china. Anagula kale jekete lachikazi, lofiira. Zimenezo zandipweteka ndithu, koma sindinawauze.

Lamulungu
Kutchalitchi ndapempha chikhululukiro cha machimo anga, ndi nzeru za achimwene. Pobwerera basi yachedwa, mvula ili waa. Foni. Achimwene, mawu osalala ngati dzulo kunalibe. Akuti Esnart ali ndi msuweni wake, mtsikana wofatsa kwambiri, wa ku Chizumulu, kachilumba koyandikana ndi Likoma.
"Ungowonjezerapo bwato limodzi, mlongo wanga."
Chabwino. Laibulale amatsegula 9 koloko.