Makina a Mkuyu Odya Fumbi

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, chiyambi chake chili motere. Pa Luchenza panali telala wina dzina lake a Mkuyu. Pa singano analibe mnzawo, koma anali ndi nthenda imodzi: akangoona chinthu chonyezimira, nzeru zinkawathawira kumapazi.

Tsiku lina bwana wa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo ankabwerera kwawo, ndipo katundu wake ankagulitsidwa pabwalo. A Mkuyu anapalasa njinga kukafuna ayironi. Atafika anaona chinthu chitaima njo ngati msilikali. Mutu wake wachitsulo unali pansi, pamphumi pali kanyali, chogwirira chili chachitali, kumsana kukulendewera thumba lansalu longa mwendo wa buluku.

"Ichi ndiye chiyani?" a Mkuyu anafunsa a Jailosi, khukhi wa bwanayo, amene ankayang'anira malondawo.

"Makina osesera, bambo. Amayamwa fumbi. Ndi akale kuposa inu ndi ine, anabwera pa sitima ndi agogo ake a bwana."

A Jailosi analowetsa chingwe kukhoma. Makina anabangula, kanyali kanayaka, thumba linafufuma ngati chule wokwiya. A Mkuyu mtima unangoti myuu. Za ayironi anaiwaliratu.

"Koma mumvetse, bambo," anatero a Jailosi, "thumbali likadza..."

"Achimwene, ine makina osokera ndakhala nawo zaka makumi awiri. Za makina musandiphunzitse."

Anawamangirira pa kaliyala ngati mbuzi, ulendo wa ku Luchenza.

Akazi awo, a Nangondo, anawachingamira pakhomo. "Bambo a Ndaziona, ayironi ija ndi imeneyi? Yakula chonchi?"

"A Nangondo, tayani tsache lanu. M'nyumba muno mwalowa akuluakulu."

Kuyambira pamenepo makinawo sankatchulidwa makina ayi, ankangoti akuluwa. Vuto loyamba linali lakuti pasimenti akuluwa ankangolira osapeza chakudya chokwanira. A Mkuyu anapita ku kaunjika n'kukagula kalapeti yofiira, osati yoti anthu apondepo, koma yoti akuluwa azidyerapo.

Kusamala kokha ankasamala, zimenezo tisawanamizire. M'mawa uliwonse ankapukuta chitsulo chija ndi phulusa losefa mpaka munthu n'kumadzionerapo mano. Timatayala ankatidontheza mafuta a makina osokera. Lamba wa kunsi ataduka, nyumba yonse n'kununkha mphira wopserera, anadula chubu cha njinga yawo yomwe n'kupanga wina, iwo n'kuyenda wapansi sabata yathunthu. Akamaliza ankafunditsa akuluwo chitenje chatsopano cha a Nangondo kuti angazizidwe.

Tsiku lina a Nangondo anafunsa, "Kodi fumbi lonse akumezali limapita kuti?"

"Limagayika."

"Osatsegula thumbalo tione?"

"Kodi inu mukadya timakupisani m'mimba? Ulemu uzikhalapo, mayi."

Patapita miyezi iwiri mawu a akuluwa anasintha. Kubangula kuja kunasanduka kubuula, ndipo fumbi ankangolinunkhiza n'kulisiya. A Mkuyu anakhala pansi, dzanja lili patsaya, mpaka anapeza yankho. Munthu ungadye fumbi lokhalokha miyezi iwiri popanda ndiwo? Anayamba kuwaza pakalapeti shuga, nyenyeswa za sikono, nsinjiro, Lamlungu n'kuwonjezera timitu ta usipa. Akuluwa ankameza movutikira, thumba n'kumakulirakulira.

"Taonani mmene anenepera!" ankatero a Mkuyu akulisisita thumbalo.

Pofika mwezi wachinayi mwana wawo Ndaziona anali atapeza mnyamata wa ku Chiradzulu, ndipo malume ake a mnyamatayo, a Malikebu, anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka kudzakamba za ukwati. A Malikebu anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Mbeta ziwiri anali atazikana kale, ina chifukwa chongowapatsa madzi ndi dzanja lamanzere.

M'mawa wa tsikulo Ndaziona anagwada pamaso pa bambo ake. "Ababa, chonde, lero lokha akuluwo apume."

A Mkuyu anavomera. Ndiponso nkhani zotere ndi za ankhoswe, bambo sakhalapo. Alendo atafika masana, alamu awo a Mkuyu, achimwene a Nangondo, anakhala nawo pabalaza, eni nyumba n'kudzitsekera kuchipinda pamodzi ndi akuluwa.

Koma chitseko chinali ndi mng'alu. A Mkuyu anasuzumira, n'kuona a Malikebu akuluma mandasi. Kanyenyeswa kamodzi kanagwera pakalapeti. A Mkuyu anayang'ana kudenga. Kanagwa kachiwiri. Anadziluma chala. Katagwa kachitatu, chitseko chinatseguka.

"Pepani akuluakulu, pitirizani nkhani, ife tingodutsa."

Alamu awo anawatsinzinira diso mpaka chikope kuwawa, koma a Mkuyu anali atavundukula kale chitenje. Chitsulo chija chinawalitsa pabalaza ponse. A Malikebu anawerama, nadziona nkhope, nakonza tayi.

"Koma chinthu chokongola ichi!" anatero. "Chimagwira ntchito yanji?"

Mawu amenewo ndi amene anawapha a Mkuyu. Anatenga mbale yonse ya shuga patebulo n'kuikhuthulira pafupi ndi nsapato za mlendo. "Ingopenyani, bambo."

Akuluwa anabuula. Kanyali kanaphethira. Thumba linauma gwa ngati ng'oma yowamba padzuwa, ulusi wa m'mbali n'kuyamba kulira, thi, thi, thi. Kenako, phuu!

Fumbi la miyezi inayi linadzaza pabalaza. Litakhazikika, a Malikebu anali atayera mbuu ngati wochokera kuchigayo, mutu wa usipa uli pa phewa. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma m'malo mwake analumpha. M'thumba muja munali mudzi wathunthu wa nyerere zimene zinkadya shuga wa akuluwa miyezi yonseyi, ndipo tsopano zinkakwera m'miyendo ya buluku, zina kulowera m'kolala. Mkulu wa mpingo uja anavina gule amene sanavinepo chibadwire. Polumpha tebulo kuti athawire panja, buluku linang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka pabondo.

A Mkuyu anatsala chiimire, chogwirira chili m'manja. Kuseri kwa nyumba anamva Ndaziona akulira. Anazindikira kuti aphulitsa ukwati wa mwana wawo yekhayo. Anakokera makina aja pabwalo, n'kupita kukagwada pamaso pa mlendo.

"Bambo, wopusa ndine, mwanayu alibe chifukwa. Vulani bulukulo ndikusokereni."

Panalibe kuchitira mwina. A Malikebu anavala chitenje cha a Nangondo n'kukhala pakhonde, a Mkuyu akupalasa makina osokera, alamu awo akutola nyerere m'khosi mwa mlendo imodziimodzi. Kenako mapewa a a Malikebu anayamba kugwedezeka, ndipo munthu wosaseka uja anaseka mpaka misozi kulemba mizere pafumbi la kumaso.

"Ukwati ulipo," anatero akupukuta m'maso. "Mtsikana amene wapirira bambo awa mpaka kukula, mphwanga sangamulephere."

Apo n'kuti anthu a pamsewu atadzaza kumpanda. Mayi wina wogulitsa nthochi anafuula, "Kodi abambo, mwavala chitenje masana ano, kwagwanji?"

Amene amakuuzani kuti mwambiwu unachokera ku chipatso cha mumtengo, ana inu, sanafike pa Luchenza tsiku limenelo. A Malikebu anakanda m'khwapa, naloza makina aja ali gone pabwalo, akunyezimirabe padzuwa ngati sanalakwe kanthu, n'kunena kuti:

"Chikomekome cha Mkuyu, m'kati muli nyerere!"