Mbale za Apongozi pa Tsiku la Opaleshoni

Mukadzafika kumudzi kwathu, kuseri kwa Sinda, n'kumva ana akufuula kuti "Wodwala Wamkulu akudutsa," musadzayang'ane machira. Adzakhala akunena ine, munthu amene sindinagonekedwepo m'chipatala chibadwire. Dzinali ndinalitola mu wodi ya ana.

Zinali zaka zija tinkafola mzere wa sopo ndi mchere. Mwana wanga wachisamba, Lameki, anali ndi chotupa pamchombo chimene chinkamuliza akangothamanga pang'ono. Kuchipatala cha mishoni anati agonekedwe kuti amuchite opaleshoni. Amake anali m'chikuta ndi khanda, choncho woyang'anira wodwala ndinakhala ine.

Sindinaope. Ine ndine munthu wowerenga (sukulu ndinalekera panjira, koma ngakhale nyuzipepala yokulungira kapenta ndimayamba ndaiwerenga ndisanakolezere moto). Ndinali ndi kabuku ka zaumoyo kothothoka chikuto, ndipo ndinkakadziwa pamtima. Koma kabukuko sikananene kuti woyang'anira amagona pamphasa kunsi kwa bedi, kuti mwamuna ndidzakhala ndekhandekha pakati pa azimayi, kapena kuti mwana amene kunyumba amakuopa akangovala kamkanjo ka chipatala amasanduka bwana. Za apongozi ndiye munalibe ngakhale tsamba limodzi.

Kutacha tsiku la opaleshoni, Sisitala anaima pabedi pathu.

"Atate a Lameki, monga ndinanenera dzulo, mwanayu asalawe kanthu mpaka tidzamutenge masana. Akangodya, opaleshoni palibe, ndipo dokotala wa mpeni adzabweranso sabata yamawa."

"Ndikudziwa, Sisitala. Ndinawerenga." (Pakamwa pangapa!)

Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva kutsokomola pawindo. Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa: apongozi anga aakazi. Anali atalawirira pa lole ya thonje, dengu lili pamutu. Nthawi yoona odwala inali isanakwane, ndiye anangoyala chitenje pakhonde, kunsi kwa windo lathu.

Tsono inu a m'tauni mumvetse bwino. Kwathu mkamwini sayankhulana maso ndi maso ndi apongozi aakazi. Tikakumana panjira, wina amalowa patchire. Mawu amadzera mwa mwana. Komanso chakudya chozondera wodwala sichibwezedwa. Kubweza mbale yodzaza kuli ngati kunena kuti wophikayo wathiramo zina.

Pawindo panatulukira dzanja ndi mbale ya phala la nsinjiro.

"Lameki, uwauze atate ako akudyetse. Mbaleyo ndikuifuna."

Ndinayang'ana kukhoma n'kunena chapansipansi, monga mkamwini waulemu (apongoziwo khutu limodzi linali litapuma kale ntchito): "Lameki, uwauze ambuya ako kuti a chipatala aletsa chakudya lero."

Lameki anayang'ana phala, anayang'ana ine, kenako anakweza mawu.

"Ambuya! Akuti zikomo kwambiri, komanso ngati kuli mazira!"

Ndinalanda mbaleyo supuni isanafike pakamwa. Nanga ndilowe nayo kuti? Kutaya pawindo, ndithira apongozi kumutu. Kutuluka nayo pakhomo, ndidutsa pakhonde pomwepo. Ndinatembenukira kwa oyandikana nafe bedi, amake Esinati a ku Vubwi.

"Amayi, mwana wanu sangalaweko kaphala?"

"Wanganso akudikira mpeni womwewo, abambo. Musandiputire mlandu."

Basi ndinakwawira kunsi kwa bedi, n'kumeza phala lonse ngati munthu wothawa ngozi. Mbale inabwerera pawindo ili mbee. Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje.

"Ii! Msanga chonchi?" anatero apongozi. "Mwanayu akumumana chakudya muno!"

Kunabwera mazira owiritsa. Ndinakwawa. Makoko ndinabisa m'chipewa. Kunabwera futali wa mbatata. Ndinakwawanso (ndisaname, futaliyo sindinadye mokakamizidwa, apongozi anga nsinjiro saumira). Lameki anali atazondotsa mutu m'mphepete mwa bedi, akundiyang'ana ndi misozi.

"Atate, kangachepe."

"Khala chete, mwanawe. Tikatuluka ndikakugulira masiwiti kwa a Saidi pa Katete."

"Ndikanena kwa ambuya."

"Ndi bisiketi zomwe."

Kunabwera botolo la thobwa. Pofika apa lamba ndinali nditamasula. Amake Esinati anafunda chitenje kumaso, mapewa okha akugwedezeka. Azimayi a mabedi ena anayamba kusuzumira mmodzimmodzi, wina mpaka anati, "Limbikirani abambo, mwatsala pang'ono!" Ndinkati dengu latha, koma dzanja lija linatulukiranso. Nkhuku. Yathunthu, yopanda mutu wokha. Ndinaiyang'ana, nayo inandiyang'ana ngakhale inalibe maso. Mafupa ndinalonga mu nsapato.

Masana Sisitala anatulukira akukankha kabedi ka matayala. Nthawi yoona odwala inali itakwana, ndiye apongozi nawo analowa. Ine ndinatembenukira kukhoma, thukuta lili kamukamu.

"Mutengeni, amayi a chipatala, musaope," anatero apongozi monyadira. "Ali ndi mphamvu. Lero wadya ngati mnyamata wochokera kumunda."

Matayala anaima.

"Wadya chiyani?"

"Phala, mazira, futali, thobwa, ndi nkhuku yanga yachitsotso ija. Mbale zonse wanyambita."

Sisitala anatembenuza kabedi kaja. "Basi, zalephereka. Atate a Lameki, si inu munati munawerenga?"

M'maganizo ndinaona sabata ina yathunthu mwana akulira ndi mchombo, amake akudikira m'chikuta osadziwa kanthu. Ulemu wanga ndinauika pansi. Ndinadzuka (movutikira ndithu).

"Sisitala, mwanayu sanalawe kanthu. Ndadya ndine."

"Zonsezo? Munthu mmodzi? Musaname kuti timutenge. Akakasanza atagonetsedwa ndi mankhwala, ndi zoopsa."

"Mboni ndine," anatero amake Esinati. "Awoneni m'chipewa. Mukatero muwavule nsapato."

"Anandimana ndi chiwindi chomwe!" Lameki anakuwa.

Sisitala anakhuthula chipewa, makoko a mazira waa pansi. Anasisita kamimba ka Lameki, kali pyapyapya. Kenako anayang'ana yanga. Nthawi yomweyo thobwa lija linaganiza zopereka umboni wake, ndipo ndinageya mwakuti khanda la bedi lakumapeto linadzidzimuka. Wodi yonse inagwa ndi phwete. Sisitala anapukuta misozi, n'kunyamula Lameki kumuika pa kabedi kaja.

Atapita, tinatsala awiri, ine ndi apongozi, popanda mwana wodzeramo mawu. Ine maso kukhoma, iwo maso kudenga. Kenako anatsokomola.

"Amake Esinati, tandifunsirani bamboyo ngati mchere unakwana."

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo mchombo wa Lameki unaphwa. Wanga ndiye unatenga masiku kuti uphwe, mpaka Sisitala anandipatsa mankhwala oyera ngati laimu, azimayi akuombera m'manja. Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Kuyambira pamenepo, mdzukulu aliyense akadwala apongozi ankatumiza mbale ziwiri, n'kumuuza wonyamula kuti, "Yaing'onoyo ndi ya mwana, inayo ndi ya Wodwala Wamkulu."

Phunziro lilipo, ndipo ndinalilemba kumapeto kwa kabuku kanga kaja: mwana akagonekedwa, zimene a chipatala aletsa muwauziretu achibale, ndipo uthengawo musatume munthu wanjala.

Koma patapita zaka, khanda lathu lija nalo linagonekedwa kuti alichotse zotupa zapakhosi. Amake asanatsegule pakamwa, ine ndinali nditapinda kale mphasa. M'mawa umenewo sindinadye kanthu, ndipo ndinavala nsapato zazikulu.