A Lameki ndi Khitchini Yobisa

Mukafika ku Kapelula n'kufunsa za malemu a Lameki, simuyenda mtunda wautali wina asanakunong'onezeni kuti, "Aja anadyetsedwa khuzumule aja?" Anthu amatero chifukwa bambo ameneyu, ndi ndevu zake zonse zija, ankapezeka m'khitchini. Amuna anzake tili pabawo, iwo ali khale pakati pa azimayi, maso ali kudenga, misozi ili chuchuchu ndi utsi. Ndiye mudzi unagamula kuti akazi awo, mayi Ennie, anawathirira mankhwala opusitsa m'ndiwo.

Bodza limenelo. Ine sukulu ndinaisiyira ena kalekale, koma munthu wopusa ndimamudziwa, poti ambiri ndi anzanga. A Lameki sankadikirira zotsala mumphika ayi. Ankawerenga utsi. Anali mmisiri womanga, ndipo luso analitengera kumaesiteti, kumene anakhala zaka akumanga zigafa zoyanikamo fodya. Ankakonda kunena kuti, "Fodya ndi mkazi wophika amafuna chinthu chimodzi: mpweya."

Tepi yoyezera anali nayo, koma ankamangira thalauza. Ukawaitana kuti akumangire khitchini, iwe mwamuna ankakuthamangitsa.

"Mumaphika ndinu? Pitani mukaone ng'ombe. Mayi, khalani pansi. Tambalalani. Tambasulani mkono."

Pamene dzanja lalekezera, ankalemba ndi chala chakuphazi kuti apa mtsuko. Pamene mwendo walekezera, apo mafuwa. Kenako ankayatsa udzu wauwisi, n'kugona chagada pabwalo la eni ake, kuyang'ana kumene utsi ukufuna kupita. "Utsi ndi mlendo," ankatero. "Ukapanda kumuonetsa khomo, agona m'chifuwa mwako."

Tsono chaka china mlamu wanga a Cornelius, amuna a mlongo wanga Feliya, fodya anawayendera. Munthu anabwera kuokushoni akuyenda ngati pansi pali minga. Anaganiza zokonzanso nyumba yonse mwana wawo Shalom asanachite chinkhoswe, kuti akuchimuna ochokera ku Santhe adzadziwe kuti afika pakhomo pa munthu. Anaitana a Lameki n'kuwaonetsa chithunzi pafoni.

"Ndikufuna iyi. Khitchini ya m'nyumba. Matailosi oyera, makabati, sinki. Kuka yophikira ya magetsi ndagula kale kuboma."

"Magetsi ake ali kuti?"

"Akubwera."

"Anyamuka liti?"

A Cornelius sanaseke. Analoza kakhitchini kakale ka udzu, kakuda bii ndi mwaye, n'kunena kuti kagwe lero lomwe. "Ndipo ndikadzaona mafuwa pakhomo pano, a Lameki, ndidzauza aliyense wa m'kalabu yathu ya fodya. Simudzamanganso ngakhale khola la nkhunda."

Mawu amenewo sanali ocheza. Kuno womangitsa ndi mlimi wa fodya, ndipo alimi onse ankamvera a Cornelius.

Kakhitchini kanagwa. Feliya anatola chipande ndi mthiko m'fumbi. A Lameki anamanga ya m'chithunzi ija mosaphonya, yokongola ngati chipatala. Atamaliza anakanda m'mutu.

"Bwana, nyumba yakoma. Koma mlimi wamkulu ngati inu, fodya mumasankhira pakhonde ngati matenanti?"

Mlamu wanga ukamutchulira fodya, nzeru zimatuluka kukakhala panja. "Ndiye titani?"

"Kachipinda kosankhira fodya, kuseri kwa nyumba. Khoma lalifupi, mpata pakati pa khoma ndi denga kuti tsamba lizipuma, khomo lifulatire mphepo."

"Mangani!"

Tsiku limene a Cornelius anapita kuboma kukagula malata, ine ndinadutsa kuseriko. Ndinapeza mlongo wanga ali tambalale pansi, mkono uli m'mwamba, a Lameki ali chagada pafupi ndi udzu wofuka.

"Mukuyeza fodya?" ndinafunsa.

"Wa mtundu watsopano," anatero a Lameki. "Ukaulula, ndikumangira chimbudzi choyang'ana kumsewu."

Ndinasunga chinsinsi. Miyala itatu inalowa m'kachipindamo, n'kuphimbidwa ndi ziguduli. A Cornelius anabwera kudzayendera, anagogoda khoma, anayamika mpweya, mpaka anakhalira mwala umodzi akufotokoza za mitengo ya fodya.

Tsiku la chinkhoswe linafika, mu Ogasiti. Mukuidziwa mphepo ya kuno, poti mitengo tinamaliza tokha: imachokera kutali osapeza choigwira. Azimayi a mvano anafika m'mamawa, khumi ndi awiri, ndi miphika yawo ikuluikulu. M'khitchini yatsopano munalowa atatu, wachinayi anakanirira pakhomo ndi mphika. Kuka inali phee pakona, itavala nsalu yoluka, ikudikira magetsi. Anayatsa mbaula pamatailosi. Posakhalitsa siling'i yoyera ija inasanduka ngati kunsi kwa poto, azimayi akutuluka mmodzimmodzi akutsokomola.

Anayesa kusonkha moto pabwalo. Mphepo inatenga lawi kupita nalo kwa aneba, n'kubweza fumbi mumphika wa nkhuku. Dzuwa likukwera, nyama ili yaiwisi, ndipo foni inalira kuti lole ya ku Santhe yanyamuka. Alendo akadya mochedwa kapena akatafuna mchenga, satchula mwamuna. Amati mayi ake a mtsikana ndi aulesi, ndipo mwanayo amalowa nalo m'banja dzina limenelo.

A Lameki anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, atavala jekete. Anangodzuka, n'kunena mofatsa kuti, "Mayi, fodya uja wauma."

Feliya anaponya chitenje paphewa. "Amayi, tiyeni kuseri!"

Ziguduli zinachoka, moto unayaka. Patapita kanthawi a Cornelius, ali mu suti yatsopano pakhonde, anaona utsi ukutuluka kuseri kwa nyumba. Anakuwa, "Fodya wanga!" Anaiwala kuti fodya anagulitsa mu Meyi. Ananyamula ndowa, kuthamanga madzi akukhavukira mu nsapato, ine ndili pambuyo, osati kukathandiza ayi.

Anaima pakhomo ndowa ili m'manja. Azimayi khumi ndi awiri ali tambalale, onse akwanamo. Miphika ikubwata, nyimbo ili pakamwa, palibe wotsokomola. Utsi ukukwera mwaulemu, n'kutulukira pampata uja ngati wauzidwa. Pamwamba pa moto Feliya anali atapachika kale ngala za chimanga chambewu kuti anankafumbwe asazione.

"A Lameki!" anabangula mlamu wanga. "Ichi n'chiyani?"

Asanayankhidwe, lole inali italowa. Azakhali a mnyamata, mayi wamkulu wosaopa munthu, anatsata fungo mpaka kuseri. Anasuzumira, anayang'ana denga, anayang'ana a Cornelius.

"Bambo, inu ndiye mwamuna. Zaka makumi anayi ndikulira ndi utsi, amuna anga osaona. Mwana wochokera pakhomo lotere timulandira ndi manja awiri. Anaganiza zimenezi ndani?"

A Cornelius anayika ndowa pansi pang'onopang'ono, nakonza tayi. "Aaa, mayi, pulani ndi yanga. Awa anangomanga."

"Zoona," anatero a Lameki. "Mpaka mwala uwo anayamba aukhalira okha, kuuyesa."

Azimayi anaimba nthungululu mpaka nkhuku zotsala zinathawa. Chaka chimenecho amuna onse a m'kalabu anafuna kachipinda kosankhira fodya, ndipo palibe tsamba limene linalowamo. Kuka ija ilipobe. Feliya amasungamo mazira.

A Lameki anatisiya dzinja lapitali, atadwala masabata awiri okha. Pamaliro pawo azimayi anakana kuti amuna tiyambitse nyimbo, anati uyu ndi wathu. Masiku ano anyamata akumanga ndi tepi ndi foni, makoma owongoka bwino, koma ukadutsa m'mudzi chakumadzulo umamva chifuwa kuseri kwa nyumba zatsopano. Ndikaona utsi ukuzungulira pakhomo ngati wasochera, ndimayang'ana pansi, kuyesa ndiona munthu ali chagada.

Za khuzumule zija ndinawafunsapo ndekha a Lameki ali moyo, pabawo, anthu ali tcheru. Anayamba adya nkhomo zanga zonse, kenako anandiyang'ana.

"Ngati Ennie anathira, anathirira m'khitchini yabwino. Ndinadya, ndinapempha ena. Iwe kwanu anakuthirira chiyani kuti ukhale chonchi?"