A Yingling ndi Mizinga Yawo

Kwathu kuno ku Pennsylvania, m'dziko la America, aliyense ankadziwa kuti a Orville Yingling salola munthu kusekera pafupi ndi mzinga. Chonsecho mizinga ili mbwee m'dambo limene anthu anapululanamo kalekale pa nkhondo yapachiweniweni ya dziko lathu, uliwonse ndi chipilala cha mayina a owomba ake.

Palibe anawalemba ntchito. Ankangodzuka, chikhoto paphewa, ulendo. Banja lina litayala nsalu n'kuyamba kudya nkhuku, iwo anafika mwaulemu, chipewa m'manja, n'kulozera kuti pamene pali mbalepo m'pamene panagwera mutu wa msilikali wina. Nkhukuyo inangodyedwa ndi akhwangwala. Akwati ena anakwera pamzinga kuti awajambule. Mkuluyu anawafotokozera zimene chipolopolo chimachita m'mimba mwa hatchi, mpaka mkwatibwi anasanzira nsapato za mwamuna wake. Ena amati ukwatiwo unathera pomwepo.

Ine ndinali woyang'anira malowo, ndiye madandaulo onse ankagwera ine. Kuwadzudzula kunali kudzivuta chabe, poti mizinga ya ku nkhondo ya ku Korea inawagonthetsa.

“Bambo Yingling, anthu akudandaulatu.”

“Aliko bwino akunyumba, mwendo wokha ndiwo ukuwavuta.”

Mabwana atatopa nazo, anandituma ndi kalata yowaletsa kulowanso. Ndinawapeza pa chipilala chakumapeto, akupukuta mayina ndi mpango. Anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino.

“Mwana wanga, anzanga olembedwa apawa ankawaona anthu amene akuwapha,” anatero. “Ine ku Korea ndinawomba sabata yathunthu kuseri kwa phiri. Titakwera kukaona, tinapeza kuti unali mudzi. Kumeneko kulibe chipilala.”

Kalata ija sindinailande.

Tonse tinkaganiza kuti mawa lake abweranso ngati kale, koma anamvera. Chaka chathunthu ankaima kunja kwa mpanda, m'mphepete mwa msewu, kaya kutenthe kaya kugwe chipale, kungoyang'ana mizinga ija osalankhula ndi munthu. Chibayo chinawatenga mu Febuluwale. Pamaliro tinalipo asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo abusa.

Madandaulo anatheratu, mabwana anandiyamikira pamsonkhano. Dambo lija tsopano n'laudongo, udzu wometedwa bwino, mabasi a alendo amafika ndi kubwerera pa nthawi yake. Ine popita kuntchito ndimazungulira njira yakumtsinje, yotalika kawiri. Msewu wa kumpanda uja sindidutsamonso.